Lamulo la tsitsi ku America: malukidwe a munthu afika bwanji kukhoti?

Mu December 2018, pa mpikisano wa masewera ogwetsana wa masukulu a sekondale ku New Jersey, woyimbira masewerawo anauza mnyamata wina wakuda wa zaka 16 kuti asankhepo chimodzi, kumeta madiredi ake pompo kapena kuluza osasewera. Anampatsa masekondi 90. Mnyamatayo anaimirira m'mbali mwa bwalo, mayi wina wothandiza timu nkumadula tsitsilo ndi sizasi, anthu ali m'maso gwa. Analowa m'bwalo ndipo anapambana. Kanema wa kumetako anazungulira pa intaneti, woyimbirayo anaimitsidwa kwa zaka ziwiri, ndipo patatha chaka chenicheni, pa 19 December 2019, bwanamkubwa wa New Jersey anasaina lamulo loletsa kusala munthu chifukwa cha tsitsi lake, lotchedwa CROWN Act.

Munthu wa kuno akamva zimenezi amayamba wadabwa. Ambiri tinakula tikumetedwa mpala sukulu zikamatsegulira, popanda wopita kukhoti. Nanga dziko ngati America, lomwe anthu amavala zomwe akufuna, latani kuti lichite kukhalira pansi nkulemba lamulo la tsitsi? Yankho lake lili m'mbiri ya dzikolo, komanso m'kampata kena komwe makhoti anasiya m'malamulo ake oletsa tsankho.

CROWN Act ndi chiyani

Dzina loti CROWN ndi zilembo zoyamba za mawu a Chingerezi otanthauza kupanga dziko laulemu ndi lolandira tsitsi lachilengedwe. Anazisanja dala kuti zipange liwu lotanthauza chisoti chachifumu. America ili ndi zigawo 50 zomwe amazitcha masiteti, ndipo siteti iliyonse ili ndi nyumba yake ya malamulo. California ndiyo inayamba. Phungu Holly Mitchell ndiye anabweretsa biluyo, ndipo bwanamkubwa Gavin Newsom anaisaina pa 3 July 2019. New York inatsatira mwezi womwewo. Pano masiteti oposa 20 ali ndi lamulo lotere, kuphatikizapo Texas ndi Louisiana, komwe chipani cha Republican chili ndi mphamvu.

Lamulolo palokha ndi lalifupi. Malamulo akale amaletsa kale bwana kapena sukulu kusala munthu chifukwa cha mtundu wake. CROWN Act imangowonjezera kuti mawu oti mtundu akutanthauzanso kakhalidwe ka tsitsi la munthu ndi malukidwe omwe amayendera limodzi ndi mtunduwo: mizere, zingwe, tsitsi lopota ndi madiredi. Kumeneko malukidwe amenewa amawatcha oteteza, chifukwa tsitsi lathuli likamapesedwa ndi kuwotchedwa tsiku ndi tsiku limathothoka, pomwe likalukidwa limapuma.

Kumbuyo kwa kampeniyi kunali mabungwe omenyera ufulu monga National Urban League ndi Color of Change, pamodzi ndi Dove, kampani ya sopo ndi mafuta odzola. Ena amakwinya nkhope akamva kuti ogulitsa zodzoladzola ali momwemo, ndipo sakulakwa kukumbukira kuti kampani sigona tulo pa nkhani ya msika. Koma mawu a lamulolo ndi omwewo ngakhale anawathandizira ndani.

Chobadwa nacho ndi chochita kusankha

Apa ndi pomwe pali phata la nkhani yonse, ndipo pafunika kuyenda pang'onopang'ono.

Mu 1964 America inakhazikitsa lamulo lalikulu la ufulu wa anthu, Civil Rights Act. Gawo lake la 7 limaletsa tsankho pa ntchito chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ndi dziko lomwe munthu anachokera. Tsitsi silinatchulidwemo. Choncho milandu ya tsitsi itayamba kufika, oweruza anayenera kupeza okha polekezera, ndipo anadula malire motere: lamulo limateteza zomwe munthu anabadwa nazo ndipo sangazisinthe, koma siliteteza zomwe wachita kusankha.

Mu 1976 Beverly Jenkins, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya inshuwalansi ya Blue Cross, anadandaula kuti anamanidwa mwayi wokwezedwa chifukwa cha afro, tsitsi lija longolisiya kuti likule lokha nkulipesa mozungulira. Khoti la apilo linavomereza kuti dandaulo lake ndi la tsankho la mtundu. Afro ndi momwe tsitsi limamerera, ndiye ndi chobadwa nacho.

Patangopita zaka zisanu, mu 1981, Renee Rogers anasumira American Airlines chifukwa inkaletsa antchito ake kuluka mizere mutu wonse. Iye analuza. Woweruza wa ku New York anati tsitsi silimera litalukidwa, kuluka ndi ntchito ya manja, ndipo munthu akhoza kumasula. Kampaniyo inanenanso kuti mayiyo anayamba kuluka chotero ataona Bo Derek, mzungu wosewera mafilimu, ali ndi mizere mu 1979. Kwa munthu amene anakhalapo pansi pakati pa miyendo ya agogo ake akulukidwa, mfundo yoti mizere inatchuka ndi mzungu wa ku Hollywood ndi yoseketsa. Koma chigamulocho chinakhala chitsanzo chomwe makhoti ena anatsatira kwa zaka zambiri.

Mu 2010 Chastity Jones anapatsidwa ntchito yoyankha mafoni pa kampani ina ku Mobile, m'siteti ya Alabama. Asanayambe, woona za antchito anamuuza kuti amete madiredi chifukwa tsitsi lotero limayamba kuoneka losasamalika. Iye anakana, ntchito nkuthera pomwepo. Bungwe la boma loona za chilungamo pa ntchito, EEOC, linamutengera nkhaniyo kukhoti, koma mu 2016 khoti la apilo linakomera kampaniyo pa mfundo yomwe ija: madiredi ndi osankha. Mu 2018 khoti lalikulu la dziko lonse linakana pempho la Jones loti limvenso nkhaniyo.

Ndiye taonani momwe zinakhalira. Mayi wakuda ali ndi ufulu wosunga afro, koma akangoliluka kuti lisathothoke, ufulu uja watha. Njira yotsala yosakangana ndi bwana ndi kuliwongola kapena kuvala wigi.

Makampani ambiri ankadziteteza ponena kuti lamulo lawo la kaonekedwe ndi la aliyense, mzungu ndi wakuda yemwe. Nzoona. Koma tiyerekeze kuti amfumu alamula kuti aliyense afike pa msonkhano dzuwa lisanatuluke, pomwe theka la mudzi limakhala tsidya la mtsinje wopanda mlatho. Lamulo ndi limodzi, koma ena angotuluka m'nyumba nkufika, ena avula nsapato nkuwoloka madzi ozizira. Lamulo loti tsitsi likhale logona bwino kwa mzungu limatanthauza kusamba ndi kupesa. Kwa mayi wakuda limatanthauza maola ku saluni, ndalama, moto ndi mankhwala.

Muyeso umenewu unachokera kuti

Anthu a ku Africa ogwidwa ukapolo ankametedwa asanakwezedwe m'zombo. Kumene ankachokera, makamaka kumadzulo kwa Africa, malukidwe ankasonyeza fuko, msinkhu ndi udindo wa munthu, choncho lumo linkachotsa zambiri kuposa tsitsi. Atafika, azungu ankatchula tsitsi lawo ndi liwu lomwe amatchulira ubweya wa nkhosa.

M'minda ya akapolo munabadwa ana ambiri a abambo achizungu, nthawi zambiri mwa kugwirira. Ana otere, oyererapo khungu ndi a tsitsi lofewerapo, kawirikawiri ankapatsidwa ntchito za m'nyumba m'malo mwa kumunda. Apa ndi pomwe panazika mizu mawu awiri omwe akuda a ku America akulimbana nawo mpaka lero: tsitsi labwino, kutanthauza lofanana ndi la mzungu, ndi tsitsi loipa, kutanthauza lopotana kwambiri. Tsankho la khungu linalowa ngakhale pakati pa akuda okhaokha, moti panali magulu ena omwe ankayerekeza khungu la munthu ndi thumba la pepala la khaki logulira zinthu. Wakuda kuposa thumbalo sankalowa.

Boma linalowererapo kalekale. Mu 1786, Louisiana ili m'manja mwa Spain, bwanamkubwa Esteban Miró analamula kuti amayi akuda a ku New Orleans azimanga duku, lomwe kumeneko ankalitcha tignon, kuti asamaonetse tsitsi lawo lokongoletsedwa. Amayiwo anamvera, koma anayamba kumanga maduku a nsalu zowala, mwaluso loti anthu nkumacheukabe.

Ukapolo utatha mu 1865, kuoneka bwino kunakhala chida chopezera ntchito ndi ulemu. Mayi wina wobadwa mu 1867 kwa makolo omwe anali akapolo, Sarah Breedlove, anatchuka ndi dzina loti Madam C.J. Walker pogulitsa mafuta a tsitsi khomo ndi khomo, ndipo amatchulidwa ngati mayi woyamba ku America kufika pa chuma cha miliyoni ya madola mwa thukuta lake. Anthu ambiri amati ndiye anatulukira chipeso chamoto, koma ayi, chinalipo kale. Iye ankanena kuti cholinga chake ndi kumeretsa tsitsi ndi kuchiza khungu la m'mutu. Komabe chipesocho chinafalikira ndi amayi masauzande omwe ankagulitsa katundu wake ndi wa Annie Malone, yemwe Walker anayamba wamugwirirapo ntchito.

Amene anawotchedwapo tsitsi sangaiwale, ndipo pamenepa mtsikana wa ku Chicago ndi wa ku Ndirande akhoza kumvana popanda womasulira. Chipeso chili pa moto, mafuta apakidwa, mayi akuti gwira khutu, iwe wapinda khutu ndi chala, wagwira mpweya. Chipeso chikulira m'mafuta pafupi ndi khosi, fungo la tsitsi lopserera ladzaza khitchini. Ukangosuntha pang'ono, chipsera. Kwa mabanja ambiri akuda ku America uwu unali mwambo wa Loweruka madzulo, kukonzekera tchalitchi. Mvula ikagwa m'mawa mwake, ntchito yonse yapita.

Mipikisano ya chiphadzuwa inkasonyeza muyeso womwewo poyera. Miss America inali ndi lamulo lolembedwa loti opikisana akhale azungu. Mkazi wakuda woyamba kulowa nawo pa mpikisano wa dziko lonse anali Cheryl Browne mu 1970, ndipo woyamba kupambana anali Vanessa Williams mu 1983.

M'ma 1960 zinthu zinatembenuka. Mawu oti kuda ndi kukongola anakhala mfuu, afro nkusanduka chizindikiro cha ndale, ndipo chithunzi cha Angela Davis ndi tsitsi lake chinadziwika dziko lonse lapansi. Zimenezi zinali ndi mtengo wake. Mabwana ambiri anayamba kuona tsitsi lachilengedwe ngati chizindikiro cha munthu wovuta, woukira. Pofika m'ma 1980 mankhwala owongola anali atabwereranso pamwamba. Gulu latsopano la okonda tsitsi lachilengedwe linadzakula m'zaka za m'ma 2000, pamene amayi anayamba kuphunzitsana pa YouTube momwe angasamalire tsitsi lomwe ena a iwo anali asanalione chikhalire kuyambira ali ana.

Liwu loti kuoneka ngati wapantchito

Masiku ano ndi ochepa angalembe poyera kuti tsitsi la munthu wakuda ndi loipa. Liwu lomwe limagwira ntchito imeneyi ndi professional, kutanthauza kuoneka ngati munthu woyenera ofesi. Ndi liwu lopanda malire ooneka, ndipo aliyense amalidzaza ndi chithunzi chomwe anakula nacho m'mutu.

Mu 2020 ofufuza Christy Zhou Koval ndi Ashleigh Shelby Rosette anatulutsa kafukufuku yemwe anthu anapatsidwa zithunzi ndi mbiri za ofuna ntchito kuti awayese. Amayi akuda a tsitsi lachilengedwe anapatsidwa mamalikisi otsika poyerekeza ndi amayi akuda owongola tsitsi komanso azungu. Kusiyanaku kunaoneka pa ntchito za makampani opereka uphungu wa bizinesi, omwe amavala mwamwambo, koma sikunaoneke pa ntchito zotsatsa malonda. Tsitsi lomwelo, munthu yemweyo, chosintha ndi chizolowezi cha ofesi.

Asilikali nawo anagundika nazo. Mu 2014 gulu la nkhondo la US Army linatulutsa malamulo oletsa tsitsi lopota, madiredi ndi mizere ikuluikulu. Amayi akuda a usilikali anafunsa kuti munthu ali kutchire milungu ingapo, kopanda saluni ndi magetsi, tsitsi aziliwongola ndi chiyani? Aphungu achikazi akuda analembera nduna ya chitetezo Chuck Hagel, malamulo ena anafewetsedwa chaka chomwecho, ndipo mu 2017 madiredi analoledwa kwa asilikali achikazi.

Michelle Obama ananena mu 2022 kuti zaka zonse zomwe anali ku White House ankawongola tsitsi dala, poona kuti anthu a ku America anali akuzolowera kumene banja lakuda m'nyumbamo, ndipo malukidwe akanasokoneza nkhani zofunika. Diso loweruza silichokera kwa azungu okha. Mu 2012 Gabby Douglas, mtsikana wa zaka 16, atapambana golide pa masewera a Olympics ku London, ambiri mwa omwe ankamunena pa Twitter kuti tsitsi lake silinakonzedwe bwino anali akuda anzake. Lamulo lililonse silingafike pamenepo.

Mtengo wake pa thupi

Mankhwala owongola tsitsi, omwe kuno timangoti rilakisa, amagwira ntchito pothyola mfundo zamkati zomwe zimapotetsa tsitsi. Ambiri amakhala ndi sodium hydroxide, soda yemwe uja wowotcha wopangira sopo, kapena mankhwala ena ofanana naye mphamvu. Nchifukwa chake wa pa saluni amayamba wapaka mafuta m'mbali mwa nkhope ndi m'makutu, nkumafunsa ngati zayamba kuwotcha. Tsitsi latsopano likamera pansi limakhala lopotana, ndiye pakapita miyezi iwiri kapena kuposerapo amabwerezanso, ena kwa zaka makumi.

Mu October 2022 ofufuza a boma la America ku National Institutes of Health anatulutsa zomwe anapeza atatsatira amayi 33,497 kwa zaka pafupifupi 11. Anawerengera kuti mwa amayi osagwiritsa ntchito mankhwala owongola, 1.64 peresenti angadwale khansa ya m'chiberekero pofika zaka 70, pomwe mwa ogwiritsa ntchito kopitirira kanayi pa chaka ndi 4.05 peresenti. Iyi ndi khansa ya mkati mwa chiberekero, yosiyana ndi ya khomo la chiberekero yomwe timaimva kawirikawiri m'zipatala zathu. Kafukufukuyu anasonyeza kuti zinthu ziwirizi zikuyendera limodzi. Sanatsimikize kuti chimodzi ndicho chikuyambitsa chinzake, ndipo sanalembe mayina a mankhwala omwe amayiwo ankapaka. Ngakhale zili choncho, amayi masauzande asumira makampani opanga mankhwalawa, ndipo milanduyo inasonkhanitsidwa pa khoti limodzi ku Chicago mu 2023.

Pali kena kachilendo pa mbali ya oluka. M'masiteti ambiri munthu woluka tsitsi pa ndalama ankafunika chiphaso cha sukulu ya zokongoletsa, ya maola oposa 1,000, komwe amaphunzitsa kudula, kudaya ndi kuwongola, koma kuluka ayi. Ku Texas, Isis Brantley anamangidwa mu 1997 chifukwa choluka popanda chiphasocho, ndipo sitetiyo inachotsa lamuloli mu 2015. Ambiri mwa oluka m'mizinda ngati New York ndi amayi ochokera ku Senegal ndi maiko oyandikana nawo, omwe luso analiphunzira kwawo ali ana.

Otsutsa akuti chiyani

Bilu ya CROWN ya dziko lonse inadutsa m'nyumba yaing'ono ya malamulo, House of Representatives, mu 2020, nkudutsanso mu March 2022 ndi mavoti 235 kwa 189. Ulendo wonse uwiri inakakanirira ku nyumba yaikulu ya malamulo, Senate. Otsutsa, ambiri a chipani cha Republican, ali ndi mfundo zingapo. Amati tsankho la mtundu ndi loletsedwa kale, ndiye lamulo lina ndi kungochulukitsa milandu. Senator Rand Paul, yemwe anaimitsa biluyo mu December 2022, anatchulanso za chitetezo pa ntchito: pali malo omwe tsitsi lalitali likhoza kukodwa m'makina kapena kulepheretsa chipewa chodzitetezera kukhala bwino. Ena amati mwini bizinesi kapena sukulu ali ndi ufulu wosankha kaonekedwe ka malo ake, monga momwe amasankhira yunifolomu.

Ochirikiza amayankha kuti milandu ya Rogers ndi Jones ndi umboni woti lamulo lakale silikwanira, komanso kuti neti ya tsitsi kapena kumanga kumbuyo kumagwira ntchito pa madiredi monga pa tsitsi lina lililonse lalitali.

Mkangano wa yunifolomu ndi ufulu si wachilendo kwa ife. Nthawi ya Kamuzu mwamuna wa tsitsi lalitali ankalakwira lamulo, ndipo alendo ena ankametedwa polowa m'dziko. Mu May 2023 khoti lalikulu ku Zomba, kudzera mwa woweruza Zione Ntaba, linagamula kuti kukaniza ana a Chirasta sukulu za boma chifukwa cha madiredi ndi kuphwanya malamulo oyendetsera dziko. Kusiyana kwake nkwakuti mlandu wa kuno unaima kwambiri pa chipembedzo ndi ufulu wa maphunziro. Ku America munthu wa madiredi a chipembedzo anali kale ndi pogwira, popeza lamulo la 1964 limatchula chipembedzo. Yemwe analibe pogwira ndi uja wongoluka chifukwa ndi momwe tsitsi lake limasungikira bwino.

Pomwe lamulo latsopano lapunthwa

Lamulo la CROWN la Texas, lomwe bwanamkubwa Greg Abbott anasaina, linayamba kugwira ntchito pa 1 September 2023. Masiku omwewo, sukulu ina ya boma la maphunziro la Barbers Hill, pafupi ndi Houston, inachotsa mnyamata wakuda m'kalasi chifukwa cha madiredi ake, ndipo anakhala kunja kwa makalasi a nthawi zonse kwa miyezi yambiri. Mnyamatayo ankabwera atawapota nkuwamanga pamwamba pa mutu, khosi ndi makutu zili poyera. Akuluakulu a sukulu anati vuto si madiredi koma kutalika: lamulo lawo limati tsitsi la mnyamata lisapitirire nsidze, makutu kapena kolala likamasulidwa. Mkulu wa maphunziro kumeneko anateteza lamulolo ponena kuti kufanana kwa ana kumamanga umodzi, nkupereka chitsanzo cha masukulu a usilikali.

A banja anati madiredi mwachibadwa chake amatalika, ndiye kuwalola nkuletsa kutalika ndi chimodzimodzi kuwaletsa. Phungu wina amene anathandiza kulemba lamulolo anachitira umboni m'khoti kuti cholinga chawo chinali kuteteza tsitsi ngati limenelo. Pa 22 February 2024 woweruza Chap Cain anagamula mokomera sukuluyo. Anati m'mawu omwe nyumba ya malamulo ya Texas inalemba muli malukidwe, koma mulibe liwu loti kutalika.